Bodza Langa la Kubira M'nyanja

Nditabwerako kwa amalume ku Quelimane, ndinauza anzanga onyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula kuti ndinaphunzira kubira m'nyanja ya mchere, botolo la mpweya lili kumsana, nsomba zamawangamawanga zikundizungulira. Kunena zoona, nsombazo ndinaziona pamsika, ndipo madziwo anandilekeza m'mawondo.

Tsiku lina mayi wina amene tinamuperekeza kuphiri anagwetsera magalasi ake pa Dziwe la Nkhalamba.

"Musadandaule mayi, katswiri tili naye," anatero a Namakhwa, mkulu wathu, akundikankhira kutsogolo.

Ndinavula malaya pang'onopang'ono, n'kuviika chala chakuphazi.

"Madzi opanda mcherewa sindinawazolowere," ndinatero.

Mayi uja anaseka, nalumphiramo yekha, n'kuvuuka nawo magalasiwo. Mpaka lero anzanga amanditchula kuti a Mchere, ndipo ndimavomera.