Mbiya ya Achemwali Anga

Achemwali anga a Alesi afulula masese kuno kwa Malemia zaka makumi atatu, ndipo mbiya yawo inali isanaonepo sopo. Mbiyayo mayi athu anachita kusenza pamutu kuchokera ku Mozambiki. M'kati mwake munali zokanirira zakuda bii, ndipo n'zimene zinkawiritsa mowa. Mowa ukatha ankangotsukuluza ndi timadzi, basi. Kakomedwe kake kanali komweko ka mowa wa mayi, kowawasira pang'ono. Ana anayi a achemwali anaphunzira sukulu ndi mbiya imeneyi.

Chaka chatha tinkamanga chiliza cha mayi. Achemwali anati, "Anthu adzamwe mowa wa mayi, awakumbuke." Ndiye kunabwera Calvin, mwana wawo woyamba, wogwira ntchito kukampani yophika buledi ku Blantyre. Iii, munthu kuyankhula! Akuti masiku ano akatswiri amasintha chibadwa cha yisiti kuti azitupitsa msanga, kaya buledi kaya mowa, ife kuno tatsalira. Tinkangoti eya, eya, nanga si wophunzira.

M'mawa wina ine ndi achemwali tinapita kuchigayo ku Domasi kukagayitsa chimera. Pobwera tinapeza mbiya ili padzuwa, yoyera ngati mbale ya alendo. Anaikwecha ndi mchenga, sopo, mpaka madzi owira!

"Amayi, munali majeremusi okhaokha," akutero Calvin uku akumwetulira, kapaketi ka yisiti kali m'manja.

Ine ndinapsa mtima. "Iwe Calvin, majeremusi amenewo ndi amene anakulipirira fizi! Kufunsa kunakuvuta chiyani? Ndiwe woyamba kuphunzira m'dziko muno?"

Achemwali analowetsa dzanja m'mbiyamo, kusisita, kenako n'kununkhiza zala.

Tinafulula ndi yisiti wakeyo, nanga tikanatani, masiku anali atatha. Mowa unawira msanga ndithu, sindinganame, ndipo tsiku la chiliza Calvin ankayenda modzitukumula pakati pa anthu. Koma a Kizito, nkhalamba imene inkamwa kwa mayi kalekale, atalawa kamodzi anabweza chipanda.

"A Alesi, mowawu mwagula kuti?"

"Tangomwani, bambo," anayankha achemwali, maso ali pansi. "Wa mayi uja watsatira eni ake."

Mpaka lero sanafululenso. M'mbiyamo amasungiramo madzi akumwa.