Waya wa Atate ndi Mphezi ya ku Kaphuka

Ndikukumbukira chaka chimene anakoka waya wa lamya m'mbali mwa njira yopita ku boma, ine ndili kamtsikana kosatha n'kusinja komwe. Atate anatola waya wina amene antchito anamutaya, n'kubwera naye kwathu ku Kaphuka akumwetulira ngati apha gwape. Anali munthu wosataya kanthu atate. Anamumanga kunsonga kwa mkuyu, n'kumukokera padenga la nkhokwe, n'kupachikapo zigoba za nkhono zoopsezera akhwangwala. Mphepo yozizira ya m'mapiri ikawomba, wayayo ankalira mokoma, ndipo ife ana tinkagunditsa khutu pankhokwe kuti timveko nkhani za ku boma.

Mvula yoyamba inabwera masana, ndi kafungo kake ka dothi. Kunang'anima, makutu anga n'kutsekeka. Mkuyu unang'ambika pakati, nkhokwe n'kuyaka mvula ili mkati, chimanga chikuphulika ngati mbuliwuli. Amayi anangokhala pansi m'matope. Ine ndinalira, koma kunena zoona, fungo la chimanga chowotchacho linandipatsa njala.

Kutacha, mudzi wonse unali utagwirizana kuti mpheziyo inali yotumiza. Ankaloza atsibweni, mlongo wawo wa amayi, chifukwa anali atakangana ndi atate pa nkhani ya mbuzi zimene zinadya mbatata. Ena anayamba kale kunena zowamwetsa mwavi. Atate anali mkamwini, ndipo atsibweniwo ankawalankhula ngati mwana. Atate akanangokhala chete, palibe akanawadzudzula.

Koma iwo anayenda chowerama kuchokera pamkuyu mpaka paphulusa la nkhokwe, akutola timibulu ta waya wosungunuka timene tinagwa mondondozana. Anatiika m'manja mwa atsibweni, anthu onse akuona.

"Alamu, motowu unadzera m'waya wanga. Musamwe kanthu."

Madzulo ake atsibweni anatitumizira madengu a chimanga, ndipo chaka chonsecho tinadya za m'nkhokwe yawo.

Masiku ano ndimakhala kwa mdzukulu wanga ku boma, m'nyumba ya magetsi. Dzinja lathali mphezi inalowa m'mawaya, n'kuwotcha wailesi ndi mababu onse. Anangoitana wokonza magetsi, osaloza munthu chala, ndipo n'zabwino ndithu. Ana a m'nyumbamo anadandaula za wailesi yawo. Ine ndinadzitsekera kuchipinda n'kulira atate, amene anapsetsa chakudya cha chaka chonse koma n'kupulumutsa mlamu amene sankawapatsa ngakhale moni.