Manja Awiri wa ku Landover

Rabia, mwana wa achimwene anga a Seleman, masiku ano amagwira ntchito pachipatala cha ana. Koma anzake akale akuusilikali samutchula Rabia ayi. Amati Tuhanzi, kutanthauza Manja Awiri.

Atalowa usilikali wa panyanja, achimwene anakwiya koopsa. "Mwana wamkazi pasitima! Ulemu wonse tinamuphunzitsa uja akautaya m'madzi." Chithunzi chake cha yunifolomu anachitembenuzira kukhoma. Rabia akabwera patchuthi, achimwene moni ankayankha ndithu, koma maso ali pawailesi yakanema. Mwanayo zinkamuwawa, moti ankandiimbira foni akulira. Ine ndinkawakalipira achimwenewo, nanga amamva? Makani ngati mbuzi yokana kulowa m'khola.

Atamaliza usilikali tinakonza kaphwando kunyumba kwawo ku Landover, kudziko la azungu. Kunabwera mnzake wapasitima, Daisy, mwana wa ku Zambia, pakamwa posatseka. Asanavule n'komwe nsapato anakuwa, "Tuhanzi!"

Achimwene nkhope inachita makwinya. "Dzina lanji limenelo? Ankamenya anthu kapena? Kapena n'za mabotolo?"

"Iyayi, ba Seleman," anatero Daisy. "Titangofika pasitima kunabwera bwana wamkulu. Tonse sawasha, dzanja limodzi. Koma mwana wanuyu! Lamanja pachipumi, lamanzere lagwira chigongono, bondo lapindika pang'ono, ngati akupereka moni kwa apongozi. Anamukalipira mpaka makutu kuwawa. Sawashayo anaikonza, koma zinazo zinakanika. Kapu, sipanala, mbale, chilichonse ankalandira ndi manja awiri, ngakhale sitima ikugwedezeka. Tsiku lina anagwa nazo chagada, mbale ili m'manja."

Tinaseka mpaka misozi, Rabia atabisa nkhope mumpango. Ine ndinati, "Mwamva achimwene? Ulemu munkati wamira uja, ndi umenewo unkamugwetsa."

Iwo sanaseke. Anadzuka, natembenuza chithunzi chija, n'kupukuta fumbi ndi mkono wa mkanjo wawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine chifundo chinandigwira.

"Iwe Manja Awiri," anatero, "tiyi wanga ali kuti?"

Rabia anathamangira kukhitchini, nabwera ndi kapu, nagwada. Achimwene anga aja, amene chibadwire sanalandirepo kanthu kwa mwana ndi manja awiri, anatambasula onse.