Maso Anga pa Chinsalu cha Mayi Ruth

Ndikukumbukira fungo la penti m'nyumba ya Mayi Ruth ku South Bend, mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala, fungo lokanirira mpaka m'juzi. Anali mzungu wachikulire wojambula nkhope za anthu, makamaka oweruza milandu ndi madokotala a ku Indianapolis. Amayi anga, omwe anali namwino, ankawasamalira atachitidwa opaleshoni, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkadikira pakona, ndikulemba mu dayale yanga.

Mayi Ruth asanajambule munthu ankayamba amulembera kaye kalata pamanja, kope lake n'kusunga m'bokosi la nsapato. Yanga inafika ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ankafuna nkhope yanga pa chionetsero cha ku Indianapolis, chomwe ankati n'chomaliza chifukwa manja anali atayamba kunjenjemera.

Vuto linali maso. Kwathu mwana sayang'ana wamkulu m'maso, ndi mwano. Masiku atatu ndinakhala pampando ndikuyang'ana nsapato zawo zamadontho a penti. Anajambula makutu, tsitsi limene amayi anandiluka, ngakhale kolala ya diresi, koma pakati pa nkhope panangoti mbee. Kalata yachiwiri inali yaifupi: kwatsala sabata imodzi, ndipo popanda maso chithunzicho sichipita.

Pakamwa sindikanatha kufotokoza, choncho nanenso ndinalemba kalata. Ndinang'amba mapepala anayi. Pa pepala lachisanu ndinawauza kuti sindikuwaopa, ndikungowalemekeza, ndipo Loweruka ndidzawayang'ana zivute zitani.

Ndinayamba kuyeserera. Woyendetsa basi ndinamuyang'anitsitsa mpaka anandifunsa ngati ndasochera. Madzulo patebulo ndinatembenukira kwa bambo.

"Iwe Tadala, ndakulakwira chiyani?" anatero bambo, supuni ili m'malere.

"Musiyeni, akupulakitisa," amayi anayankha akuseka. "Koma zimenezi zikathere kwa Mayi Ruth konko, wamva?"

Loweruka ndinakhala pampando kwa Mayi Ruth ndipo ndinadzutsa mutu. Maso awo anali otuwa, onyowa pang'ono. Burashi inkanjenjemera, ndipo ndinazindikira kuti nawonso anali ndi mantha. Ndinawerenga chamumtima mpaka handiredi, n'kuyambiranso, n'kuyambiranso. Khosi linawawa, msana unayabwa, koma sindinagwetse nkhope mpaka iwo atanena kuti basi.

Ku Indianapolis tinapita tonse pagalimoto ya bambo, Mayi Ruth atakhala kutsogolo ndi ndodo yawo. Bambo anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzicho, manja ali kumbuyo. Kenako ananena chapansipansi, "Kani mwanayu maso ake ndi a malemu amayi anga." Zaka zonsezo maso angawo anali asanawaonepo bwinobwino.

Lero ana anga amandiyang'ana m'maso mwenimweni, n'kumandiyankha m'Chingerezi, ndipo sindiwakalipira. Ine ndimaweramitsabe nkhope ndikamapereka moni kwa akuluakulu kutchalitchi, koma tsopano ndimachita kusankha ndekha.