Magalasi M'thumba

M'chaka chimodzi ndinataya izi. Mkazi wanga. Ntchito ya mu labotale, pamene fakitale inayamba kuchotsa anthu. Nyumba ya ku Estates, popeza inali ya ntchitoyo. Mtengo wa mapeyala umene tinabzala kuseri kwake. Makina osokera, amene achibale ake anatenga, ndipo sindinakane chifukwa analidi ake. Chizolowezi chodya m'mawa.

Zinatsala nsapato zothamangira zogula pa salaula pamsika wa zovala zakale, magalasi a maso, ndi khomo limodzi. Khomolo linali la apongozi anga, mayi ake a malemu, amene ankakhala kufupi ndi njanji m'nyumba imene amuna awo anawasiyira. Lamlungu lililonse masana ndinkapita kumeneko. Sitinabereke mwana, choncho panalibe chondimangirira ku banja limenelo. Akanatha kundisiya maliro atangotha, popanda wowadzudzula. Koma ankandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kukhala pamphasa pakhonde, chammbali, monga mwa mwambo wa kwathu kummawa woti mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso. Ankalankhula akuyang'ana nkhuku zawo, ine n'kumayankha ndikuyang'ana mpanda. M'tauni yonse ya Kafue, pabwalo pamenepo pokha m'pamene dzina la mkazi wanga linkatchulidwabe ngati la munthu amene wangopita kumsika. Kwina konse anthu ankalilambalala pondimvera chisoni.

Kuthamanga ndinayamba ndili ku koleji, koma nditakwatira ndinachita ulesi. Ndinayambanso nditasamukira m'chipinda chimodzi cha lendi, chifukwa kukacha kunalibe kopita. Ndinkatuluka dzuwa lisanakwere, n'kudutsa kumafakitale kumene zipata zina zinali zitamera udzu, n'kulondola msewu mpaka ndikumane ndi njinga za ogulitsa nsomba zochokera ku Chanyanya. Ndikamva fungo la nsomba ndinkadziwa kuti ndafika potembenukira. Pobwerera ndinkadzera kanjira ka m'mbali mwa njanji.

Maso anga ndi ofooka kuyambira ubwana. Ndikavula magalasi, chilichonse chopitirira pamene dzanja langa lifika chimasungunuka. Munthu amakhala ngati chitsa chovala malaya, ndipo ndimamudziwa akalankhula. M'chilimwe zimenezi sizinandivute. Ndinkangopukuta fumbi ndi thukuta n'kumapitirira.

Mvula itayamba m'pamene ndinadziwa kuti magalasi anapangidwira munthu wokhala pansi. Mvula yamphamvu ilibe vuto kwenikweni, chifukwa imatsuka galasi lonse n'kutsetsereka. Yovuta ndi yowaza. Timadontho timakhazikika pagalasi osayenda, ndipo nyali ya minibasi ikakuwalira imasanduka nyali makumi awiri. Kunja kukatero, m'kati namo nkhope yotentha imatulutsa nthunzi. Ukapukuta ndi malaya onyowa umangopaka. Ndiyeno pamphuno pamaterera, magalasi n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka uziyang'ana pamwamba pake ngati mphunzitsi wokalamba.

Ndinalimbana nazo monga munthu wa mu labotale, chimodzichimodzi. Za kuterera ndinathetsa ndi malegeni, kamphira kodula ku chubu cha njinga, kamene ndinamangirira ku miyendo ya magalasi n'kukazungulitsa kunkhongo. Kankandizula tsitsi koma kankagwira. Za madontho ndinagula kapusi ya mlomo wautali pa salaula. Inkathandiza mvula ikamagwa choongoka, koma ku Kafue mphepo imachokera kudambo, ndipo mvula imabwera chopingasa n'kulowa pansi pa mlomowo. Komanso kapusi inkasunga kutentha, nthunzi n'kuwirikiza.

Kenako ndinayesa sopo. Umatenga sopo wobiriwira wochapira, wouma, n'kulemba naye pagalasi mbali zonse ziwiri, n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka asaoneke. Madzi akagwerapo sapanga madontho, amayala ngati pepala, ndipo umaona. Zinagwira bwino mpaka cha pa fakitale ya feteleza. Kupitirira apo sopo ankasungunuka n'kutsikira m'maso. Ndinkafika kunyumba maso ali psuu, madzi akuyenderera m'masaya. Tsiku lina mayi wina wogulitsa vitumbuwa anandiimitsa, n'kundigwira pamkono, n'kundiuza kuti ndilimbe mtima, Mulungu adziwa. Sopo ndinasiyira pomwepo.

M'mawa wotsatira mvula itayamba kuwaza ndinangovula magalasi, n'kuwakulunga m'kathumba ka pulasitiki, n'kuwaika m'thumba la kabudula. Msewu mapazi anga ankaudziwa. Maenje ndinkawazindikira chifukwa madzi amawala, magalimoto ndinkawamva. Ndipo ndinapeza chinthu chimene sindinachifunefune. Nkhope za anthu zinachoka. Panalibenso wondiyang'ana ndi mutu wopendekeka, panalibenso anzanga akale a kuntchito oimirira pachipata kudikira maganyu. Kunali mitundu chabe, yobiriwira ndi yotuwa, ndi phokoso la mpweya wanga. Ndinene zoona, patapita milungu ingapo ndinayamba kuwavula ngakhale kumwamba kukangochita mdima pang'ono, dontho lisanagwe.

M'mwezi wa Januwale, tsiku lina Lachinayi, ndinkabwerera m'kanjira ka m'mbali mwa njanji mvula ikuwaza. Kanjirako n'kopapatiza, uku matope, uku udzu wautali. Kutsogolo kunali chinthu chakuda chokhala ndi ambulela. Chinasunthira m'mbali, ine n'kudutsa pafupi kwambiri, phazi langa n'kuponda m'chithaphwi. Ndinamva ngati mawu kumbuyo, koma sindinacheuke.

Loweruka kunabwera mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene ankagulitsa zovala pamsika. Ndi mlamu timaseka zilizonse, ndipo iye sanayambe wandiopapo. Anakana kukhala pansi.

"Imwe a mulamu, manje mwakhala ndeke? Mupita chabe pamwamba pa anthu?"

Ndinamufunsa chimene ankatanthauza. Anati munthu wa ambulela uja anali mayi awo. Ankapita kumanda ndi kakhasu kukazula udzu pa mwana wawo. Atandiona patali anayembekeza kuti ndichita zimene mkamwini amachita, kupatuka m'njira, kunyonyomala, n'kupereka moni ndili patali. Ataona kuti sindikuchepetsa liwiro, iwo ndi amene anapatuka, n'kulowa m'matope. Anandipatsanso moni. Ine ndinawathira madzi a m'chithaphwi pachitenje n'kumapita.

Apongozi anabwerera kunyumba. Madzulo ake anauza mlamu kuti mkamwini wamaliza nawo, ndipo si bwino kumusunga munthu amene mtima wake uli pa liwiro. Anati aitana amalume a malemu adzandisudzule, ndiko kundimasula kuti ndisakhalenso wa m'banja mwawo, ndizipita kumene ndikuthamangirako. Mpando Lamlungu usatulutsidwe.

Ndinati sindinawaone.

"Munthu wa ku koleji, maso folo, osaona amayi athu na ambulela yonse ija?"

Ndinamuuza kuti maso awiri anali m'thumba. Sanakhulupirire, choncho ndinavula magalasi n'kumupatsa. Atavala anagwira chitseko, n'kunena kuti pansi pakuthawa. Anaima pakhomo n'kundifunsa kuti waimika zala zingati. Ndinati sindikuona ngakhale dzanja. Anaseka mpaka anakhala pabedi, kenako kuseka kunatha.

"Ine nizakamba nao. Koma mubwere mweka mukambe. Ndipo osabwera na nkhuku monga mwapalamula kwa amfumu. Afuna pakamwa panu."

Lamlungu kunagwa mvula yowaza yomweyo. Ndinapita choyenda, magalasi ali kumaso, ndikuima kawirikawiri kuwapukuta ndi mpango umene ndinausunga m'kati mwa malaya. Pansi pa mango panalibe mpando. Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinanyonyomala kumapeto kwa bwalo, n'kuomba m'manja, n'kupereka moni. Iwo anapitiriza kusankha nyemba. Madontho anadzaza magalasi mpaka khonde linasanduka tizidutswa, koma sindinawagwire.

Patapita nthawi anauza mlamu, amene anali m'nyumba, kuti auze alendowo akwere pakhonde, anyowa. Mawu akuti alendo ndinawamva bwino. Ndinakhala pansi kumapeto kwa khonde, msana chammbali, maso kumpanda.

Ndinapepesa. Ndinafotokoza za maso anga, za nthunzi, za malegeni, za kapusi ndi sopo. Ndikuganiza kuti ndinatalikitsa, chifukwa zimenezi zinali zosavuta kunena. Iwo ankangotola timiyala m'nyemba n'kumaponya pabwalo. Nditamaliza anati za mvula amva, ndipo chitenje chinachapidwa kale. Anati ngakhale malemu amuna awo ankalephera kuona sitima ikamabwera m'chifunga. Kenako lichero linasiya kulira.

"Bambo, nanga kuchipatala kuja munkawavuliranji?"

Sindinadziwe kuti ankadziwa. Mkazi wanga anagona m'chipatala milungu isanu, nyengo ya mvula ya chaka chapitacho, ndipo mayi akewo ndi amene ankamudwazika. Nthawi yoona odwala ikakwana, ine ndikalowa, iwo ankatenga mbale n'kutuluka, kundipatsa malo monga mwa ulemu wathu. Ndinkaganiza kuti ankapita kumpopi. Anati mbale zinali ziwiri zokha, sizitenga ola lathunthu. Ankaima panja pafupi ndi windo, pansi pa denga, n'kumationa. Tsiku lililonse ankandiona ndikukhala pambali pa bedi, n'kuvula magalasi, n'kuwaika m'thumba la malaya. Anati pamene ndinawadutsa panjanji paja nkhope ili yopanda magalasi, anakumbukira zimenezo, n'kuganiza kuti munthuyu akatopa ndi anthu amatero.

Ndinawauza kuti sikunali kutopa. Mwana wawo anali ataonda kwambiri, ndipo tsiku lililonse ndinkapeza china chachoka pankhope pake. Ndikavula magalasi ankabwerera. Ndinkaona duku lake lofiira ndi khungu lake, mawu ali ake omwe aja, ndipo ndinkatha kucheza naye ola lonse mawu anga osanjenjemera. Iye ndinkamuuza kuti magalasi achita nthunzi chifukwa ndachokera pamvula. Sanandifunse kwa milungu yonseyo.

Apongozi anaika lichero pansi. Nkhuku zinali zitabwera kudzausa mvula pakhonde, pakati pathu.

"Tsiku lomaliza lija ndinamuona akukuuzani kanthu, inu n'kuwavala. Kwa ine sanalankhulenso, kunangocha wapita. Papita chaka ndikufuna kukufunsani, koma mkamwini safunsidwa zotere. Anati chiyani mwana wanga?"

Mawuwo ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinawanena ndikuyang'ana mpanda, kamodzi, monga momwe iye anawanenera. Ndinawauzanso kuti nditavala anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono, n'kutseka maso kuti agone, ndipo ndinakhala ndikumuyang'ana mpaka anesi anatiuza kuti nthawi yatha. Anali atasintha kuposa mmene ndinkaopera. Anali iye yemweyo.

Ndinamva apongozi akupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatenganso lichero n'kuyamba kupeta. Anaitana mlamu ndi mawu awo a masiku onse.

"Iwe, patsa alamu ako nsalu youma apukute magalasiwo. Ndipo uwonjezere ufa, sanadye awa."

Za amalume sizinatchulidwenso tsiku limenelo. Anadzandisudzula patapita nthawi yaitali, titagwirizana tonse, ndipo ngakhale pambuyo pake ndinkapitabe Lamlungu.

Ndimathamangabe. Njira yabwino yothetsera mvula sindinaipeze. Ndimamanga malegeni, ndimavala kapusi, ndimasunga mpango m'kathumba ka pulasitiki, ndipo magalasi akadzaza ndimaima pambali pa msewu n'kuwapukuta, anthu akundiona. Liwiro limawonongeka, koma palibe amene akundidikira ndi wotchi. Ndikakumana ndi nkhope yondimvera chisoni ndimaipatsa moni n'kumapitirira.

Tsiku lomaliza lija kuchipatala kunja kunkagwadi mvula. Ndinalowa nditanyowa, ndinakhala pambali pa mkazi wanga, ndinavula magalasi monga mwa masiku onse, n'kuyamba kunena za nthunzi. Anagwira dzanja langa lisanafike kuthumba. Mawu ake anali apansipansi, m'Chinyanja cha m'tauni chimene anakulira nacho.

"Musaninamize, imwe. Muno mulibe mvula. Valani, munione."