Chipepala chopanda dzina la atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anasiya kugona. Inali nyengo yosankha fodya kwathu ku Namitete. Atate, aPhiri, tsamba silinkawanamiza: ankangoligwira n'kudziwa mulu wake. Koma chaka chimenecho ankangozungulira chigafa akulankhula okha, mpaka m'mawa wina analowamo ndi chikwanje, nati aliyense woyandikira wabwera kudzaba fodya.

Amayi anali kudimba. Palibe anandituma, ndinathamanga ndekha kupolisi. Atandifunsa chavuta, ndinati, "Kwathu kuli wamisala." Dzina la munthuyo sanandifunse, inenso sindinalitchule.

Anabwera apolisi atatu akuimba wenzulo, mudzi wonse uli pambuyo pawo. "Taya chikwanje iwe!" Atate, amene ngakhale ansembe ankawapatsa ulemu, anakweza chikwanjecho m'mwamba. Chibonga chinatera pamkono, unyolo unatsatira, ndipo anagona m'chitokosi masiku atatu. Dzanja lamanja silinawongokenso. Chipepala chowatulutsira ndili nacho m'thiranki, pamodzi ndi makadi a ubatizo. Palembedwa kuti "mwamuna wamisala mmodzi". Mmodzi! Ngati mbuzi yosochera.

Chaka chotsatira zinayambiranso, chigafa chomwecho, chikwanje chili kumanzere tsopano. Ndinaima pabwalo. Ndikathamangiranso kupolisi, mwina ulendo uno awapha. Ndikangokhala, mwina adzivulaza okha. Ndinkapita mpaka pamsewu n'kubwerera, kupita n'kubwerera.

Kenaka anatulukira aNachisale, mayi wa ku Mulanje amene ankagwira utenanti pa esiteti yoyandikana nafe. Anayamba ndi anthu amene anaunjikana. "Kodi kuno kwatuluka gule? Kazipitani!" Ine anandigwira phewa. "Katunge madzi akumwa. Uyende, usathamange."

Anaima patali ndi chigafa. "Odi, aPhiri." Anadikira, nabwerezanso, kufikira kachitatu.

"Ndani?"

"Ndine Nachisale. Kapitawo wandibweza dzulo, akuti sindidziwa kusankha."

Anakhala pansi pakhomo, miyendo chitambasulire, nayamba kutola masamba ndi kuwaika m'milu. Ngakhale ine ndinaona kuti akusakaniza dala.

"Limenelo ndi lapansi, mayi! Mukuliika pa ofiira?"

"Eti? Maso angawa anatha."

"Fodya wa anthu mumaononga chonchi!"

Dzanja la atate logwira linali limodzi lokha. Kuti alande tsambalo, anaika chikwanje pansi. ANachisale sanachiyang'ane n'komwe. Anasankha limodzi mpaka dzuwa linafika paliwombo, atate akukalipa, iwo akuvomera. Atate atamwa madzi aja, aNachisale anati, "APhiri, mwatopa. Tiyeni kuchipatala akakuthandizeni kupeza tulo. Fodyayu Naphiri ayang'anira." Atate anandiyang'ana, nandiuza kuti ndisalole nkhuku kulowa. Anapita ndi miyendo yawo.

Kadi ya kuchipatala nayonso ndili nayo. Pamenepo dzina lawo lalembedwa lonse, ndi mudzi womwe. Anamwa mankhwala, anadwalanso kangapo, koma anakalamba akusankha fodya ndi dzanja limodzi.

Mdzukulu wanga ndi wapolisi. Mwezi watha anandiuza kuti akuwaphunzitsa kathandizidwe ka anthu amene mutu wawasokonekera. Ndinakondwa, koma mkwiyo sunandichoke. Mpaka imvi zonsezi, kuti aphunzire zimene tenanti wosadziwa kulemba ankazidziwa? Nanga angati athyoledwa mikono podikira? Ndinam'tulutsira mapepala awiri aja patebulo kuti awerenge mokweza. Anafuna kupita nawo kukaonetsa anzake, ine ndinakana, ndinam'patsa ojambulitsa.

Kwa zaka zambiri ndinkakwiyira apolisi atatu aja okha. Tsopano ndikudziwa kuti iwo anangolemba zimene anamva. Woyamba kuwachotsera atate dzina ndinali ine, mwana wawo, pakhomo la polisi. N'chifukwa chake ndinamuuza mdzukuluyo kuti mwana akadzafika akuthamanga, akuti kwawo kuli wamisala, asayambe wafunafuna unyolo. Ayambe wafunsa kuti, "Dzina lawo ndani, ndipo amagwira ntchito yanji?"