Chiphapha cha Liness Chinatsika ndi Manachesi

Maliro atatha, anthu atabalalika, Liness anatsala ndi ana awiri aakazi, mitengo ya manachesi, ndi chiphapha cha galimoto kuseri kwa nyumba. Basi. Amene munadwazikapo matenda aatali mukudziwa mmene pakhomo pamatsalira. Mbuzi zinathera ku mankhwala, njinga inathera ku mankhwala, ngakhale wayilesi inapita komweko. Koma amuna ake, a Masauko, anamwalirabe.

Izi zinachitika m'mudzi wina wa m'mapiri kumtunda kwa Thambani, m'zaka zija mafoni a m'manja ankangoyamba kufika kumidzi.

Misozi isanaume n'komwe, kunabwera achimwene ake, a Kinsley, mwinimbumba. Musawaganizire zoipa, sanali munthu wankhanza ayi. Anali atasuzumira m'nkhokwe n'kupeza kuti ngakhale makoswe anasamukamo.

"Chemwali, tisanamizane," anatero. "Ana awa simungawathe nokha. Betty akakhala kwa msuweni wathu ku Bangwe, Rozina apite kwa azakhali ku Zobue. Chitsulo chili kuseriko tiwagulitse ogula zitsulo."

Mawu amenewo anamupweteka Liness kuposa maliro. Mwana wina ku Blantyre, wina kutsidya kwa malire, iye n'kumadzuka m'nyumba yopanda womuitana kuti amayi?

"Achimwene, ndamva," anayankha. "Koma ana anga si ndiwo zoti tigawane. Ndipatseni mpaka manachesi apse. Galimoto ija ikalephera kutsitsira manachesi ku Thambani, mudzabwere mudzatenge anawa, sindidzalankhulanso."

"Galimoto yake iti?"

Funsolo silinali lachipongwe. Inali pikiapu yakalekale, yaikulu msinkhu kuposa Liness yemwe. A Masauko ankachita nayo matola, ndipo miyendo yawo itayamba kufooka anamuphunzitsa mkazi wawo kuyendetsa. Kenako inaima, zaka n'kumadutsa. Matayala anaphwa n'kulowa m'dothi. Pampando wa dalaivala nkhuku zinkaikirapo mazira. Pansi pa mapazi panabooka, udzu n'kumera kutulukira m'kati. Dzimbiri ndiye osanena, ukaigwira dzanja limachoka lofiira.

Komabe a Kinsley anavomera. Mumtima ankati, musiyeni alire mwa njira yake, nthawi ikakwana avomera yekha.

Liness sanalankhule zamisala. Malole a ku Blantyre ankathera pamsika wa Thambani, chifukwa msewu wa kumudzi kwawo sankautha. Choncho mavenda ankakwera phiri manachesi akadali obiriwira, n'kugula mtengo wathunthu pamtengo wozizira, eni ake n'kumathokoza. Amene akana, zipatso zinkawaolera pansi. Munthu wokhala ndi galimoto kumtunda kuja sakanagona ndi njala, ndipo ana ake sakanagawidwa.

Vuto linali limodzi. Kuyendetsa ankadziwa, koma sipanala anali asanagwirepo.

Anatsika wapansi kupita kwa a Jamilu, makaniko wa pa Thambani amene ankakonza zigayo ndi njinga zamoto.

"Sindinabwere kudzapempha kuti mundikonzere, chokulipirani ndilibe," anatero Liness. "Ndiphunzitseni. Ndizikutungirani madzi ndi kukutsukirani zitsulo masiku amsika."

A Jamilu anamuyang'ana kuyambira ku duku mpaka ku zidendene. "Amake Betty, ntchito iyi ndi ya oyilo. Zikhadabo zimada."

"Nanga za kumunda zimayera?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kumukankhira beseni la mabawuti. Sukulu inayambira pomwepo.

Tsono mudzi ndi mudzi, sulephera kulankhula. Liness akamafika pamjigo, wina ankayamba: "Patukani, patukani, adalaivala afika!" Wina n'kumaliza hutala ndi pakamwa, pi-piii! Amayi onse gwaa kuseka. Iye ankaseka nawo, koma m'kati zinkamudya. Ndipo apa m'pamene anapalamula. Anagulitsa mtedza wake wonse wa mbewu, n'kugula chitini cha penti wabuluu. Anapaka galimoto yonse, pamwamba pa dzimbiri pomwepo, osapala, osakwecha.

Eee, inakongola! Anthu ankapatuka kudzaona. Oseka aja anayamba kunena kuti komatu mayiyu achita zenizeni. Kwa kanthawi Liness ankayenda mutu uli m'mwamba.

Kenako mvula inagwa. Penti uja anatupa matuza, n'kuyamba kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Kunsi kwake dzimbiri linali litanenepa kuposa kale, chifukwa madzi ankabisala momwemo.

A Jamilu atakwera phiri kudzaona, sanamunyengerere. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu simunapente galimoto, amake Betty, munkayankha anthu a pamjigo. Dzimbiri silikwiriridwa, limachotsedwa. Yambaninso."

Tsiku limenelo Liness analira, ndipo analira zenizeni. Mtedza unapita, penti anapita, miyezi inapita. Ndalama ya sandipepa kapena mankhwala ochotsera dzimbiri analibe. Manachesi m'mitengo anali atayamba kale kukula, ndipo nthawi iliyonse akawayang'ana ankaona ana ake akukwera minibasi.

Nzeru inamupeza pamalo otsukira mbale. Kwawo kuja poto wothimbirira amamukwecha ndi ndimu ndi mchenga. Tsiku lina mpeni wadzimbiri unaiwalika m'madzi a mandimu, ndipo kutacha anaupeza utayera. Anaima nawo m'manja, n'kutembenukira ku mitengo ya mandimu ya m'mbali mwa dimba, imene zipatso zake zinkangothothoka popanda wozitola. Anadziseka yekha. Mankhwala ankawafuna kusitolo, chikhalirecho akuwaponda tsiku lililonse!

Kuyambira pamenepo pakhomo pa Liness pankangonunkhira mandimu. Chilichonse chomasuka ankamasula, n'kuviika m'beseni la madzi a mandimu. Chikafewa dzimbiri ankachikwecha ndi mchenga ndi chitsononkho cha chimanga, n'kutsukuluza ndi madzi a phulusa, n'kuumitsa, n'kupaka oyilo wakale msangamsanga kuti dzimbiri lisabwerere. Bodi yonse anaikwecha ndi manja, chigawo ndi chigawo, mpaka chitsulo chenicheni chinaoneka. Zala zinang'ambika, ndipo ndimu pachilonda mukudziwa mmene amalumira. Ankamanga kansanza n'kupitiriza.

Thanki ya petulo inali ndi dzimbiri m'kati, mosafika dzanja. Anathiramo timiyala ndi madzi a mandimu, n'kutseka, n'kupempha mwini ngolo wina kuti aimangirire kumbuyo popita kuchigayo. Msewu wa kumeneko sufuna kuuzidwa kuti ugwedeze katundu. Pobwerera, zimene zinatuluka m'thankimo zinali ngati phala la mawere.

Pamene panabooka anadula mgolo wakale, n'kuuwongola ndi hamala, n'kumanga ndi mabawuti. Mpando anausoka ndi matumba a feteleza. Matayala ogwirapo kale ntchito anakawapeza ku Mwanza boma atagulitsa nkhuku zija, zomwe zinali zitasowa kale poikira. Injini inali itauma gwaa, yosatembenuka. A Jamilu anamuuza kuti achotse mapulagi, azithiramo oyilo wosakaniza ndi palafini, n'kumaiyesa pang'onopang'ono osaikakamiza. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankaiyesa, iyo n'kukana. Mpaka m'mawa wina anamva sipanala ikuyenda m'manja mwake. Anakuwa mpaka oyandikana nawo anathamanga poganiza kuti walumidwa ndi njoka.

Pa buleki pokha a Jamilu anakana zachidule. "Injini ikakana mumangochita manyazi," anatero. "Buleki ikakana timaika maliro. Apa gulani zatsopano." Liness anagwira maganyu opalira mpaka anagula. Batire ndiye inali yofooka, yosatha kuliza injini payokha, choncho galimoto inkayenera kulira ndi chokankha. Pakhomo pake panali potsetsereka, ndiye sanade nazo nkhawa.

Mwezi wa Juni unafika ndi chisanu chake, manachesi anapsa psuu. A Kinsley anabwera monga anapangana. Liness anali atamangiratu zovala za ana m'timitolo tiwiri ta chitenje, n'kuika pakhonde, chifukwa sanafune kuti wina adzanene kuti sasunga pangano. Betty ndi Rozina anakhala pambali pa timitoloto.

Galimoto inali ilibe penti. Pena chitsulo chotuwa, pena chigamba cha mgolo, maonekedwe ngati mbuzi yamawangamawanga. Koma kumbuyo kwake kunali madengu a manachesi, ake ndi a anzake, mpaka pamwamba. Amayi omwe aja a pamjigo ndi amene anamanga zitenje m'chiuno kuti akankhe. Inatsetsereka, inatsokomola, inazima. Anakankhanso. Inatsokomola, inaphulitsa utsi wakuda, kenako inalira, phiri lonse n'kumva. Nthungululu zake!

"Kulira si kufika," anatero a Kinsley, akukwera pamwamba pa madengu. "Tinapangana Thambani. Ndikaone ndi maso anga."

Anatsika bwinobwino, Liness atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Koma atangowoloka kamtsinje ka m'chigwa, mtunda womaliza usanayambe, injini inasisima n'kuzima. Kunangoti zii. Panalibe mudzi pafupi, panalibe munthu panjira, anali awiriwiri ndi mlongo wake.

Mantha anamugwira Liness. Komabe anatsika, n'kutsegula boneti, n'kuyamba kufufuza monga anaphunzirira: moto ulipo, nanga mafuta akufika? Sankafika. Kanyenyeswa ka dzimbiri kotsalira m'thanki kanali katatseka paipi. Anaimasula, n'kuiika pakamwa, n'kuuzira ndi mphamvu zake zonse. Petulo anamulowa m'kamwa, analavula, anauziranso mpaka paipi inatseguka. Anamanga, n'kupukuta milomo ndi chitenje.

Apa ndiye panatsala nkhani. Malowo anali athyathyathya, amchenga wonyowa, ndipo galimoto yodzaza sikanalira popanda woikankha. Wokankha analipo mmodzi yekha, yemwe uja anabwera kudzatenga ana. Akanangopinda manja, pangano likanathera pomwepo, ndipo palibe akanawanena kuti alakwa. Liness sanapemphe. Anangoima, akuwayang'ana.

A Kinsley anayang'ana zala za mlongo wawo, zong'ambikang'ambika, zakuda ndi oyilo. Anatsika pa madengu paja. Anavula jekete, anavula nsapato, anapinda thalauza.

"Lowani, chemwali. Ikani giya yachiwiri. Ndikakuwa, musiye kilachi."

Bambo wamkulu uja anaika phewa pachitsulo, mapazi akulowa mumchenga, misempha ya m'khosi itatuluka. Galimoto inasuntha pang'ono, n'kubwerera. Anabuula, anakankhanso, inayamba kuyenda. "Panopa!" Liness anasiya kilachi. Inagwedezeka, inatsokomola, inalira.

"Musaime! Pitani!" anakuwa a Kinsley, akuthamangira m'mbuyo opanda nsapato, matope mpaka m'mawondo. Anakakwera galimoto itafika pamwamba pa mtunda.

Atalowa pamsika wa Thambani, anthu anasiya malonda n'kuunjikana. A Jamilu anatuluka m'shedi mwawo, anazungulira galimotoyo kamodzi, n'kungogwedeza mutu akumwetulira. Eni malole anayamba kulimbirana madengu, ndipo kwa nthawi yoyamba wotchula mtengo wa manachesi a kumtunda kuja anali mwini wake.

A Kinsley anakhala pamwala, akupuma wefuwefu, akuchotsa matope m'zala za kumapazi. Liness anabwera n'kugwada pafupi nawo monga mwa ulemu.

"Achimwene, tafika."

"Ndaona," anatero. Maso awo anali atafiira. "Ine ndinkaopa kuti ana afa ndi njala, chemwali. Sindinkadana nanu. Mukafika kunyumba mukamasule timitolo tija. Palibe mwana akupita kulikonse."

Liness anabisa nkhope m'chitenje, n'kulira pamsika pomwepo, anthu akuona. Sanachite nazo manyazi.

Betty ndi Rozina anakulira m'nyumba ya mayi awo. Pikiapu ija inatsitsa manachesi chaka chimenecho ndi zaka zambiri zotsatira, inanyamula chimanga, mbuzi, akwati, ndi amayi oyembekezera opita kuchipatala. Inkavutabe nthawi zina, poti ukalamba suchira, koma mwini wake ankaidziwa bawuti iliyonse.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina lero mwazimikira m'chigwa, pamalo opanda potsetsereka, ndipo yemwe ali pafupi nanu ndi yemwe sakukukhulupirirani. Musakhale pansi n'kumadikira chifundo. Tsegulani boneti, chitani mbali yanu mpaka pomwe manja anu angafike. Munthu amavutika kupinda manja pamaso pa mnzake amene akulimbikira zenizeni. Zivute zitani, osataya mtima, abale anga. Limbani, ana akukuyang'anani.